Kadengu Kamene Sikanakwere

"Ndiye mukuti mwana akhale chete? Bambo a Leah, yang'anani kuno, dengulo silithawa. Mukuti akhale chete?"

Peterson sanadzutse mutu. Anali atakhala pakhonde, dengu lake lothyolera tiyi lili pakati pa miyendo, akulowetsa nsungwi yatsopano pamene panathyoka. Mkazi wake Teleza anaima pakhomo manja ali m'chiuno, chipepala cha pulasitiki chimene amamanga pothyola tiyi asanachivule n'komwe.

"Sindinati akhale chete," anatero Peterson. "Ndati asalimbane ndi ahedi."

"Nanga kusiyana kwake kuli pati? Mwana watha miyezi itatu akuphatikiza tinjerwa tija, zala kuchita kusupuka. Lero ahedi akuti tsiku la chionetsero pa tebulo padzaima Everson. Everson! Mwana wa a Crispin, woti ku kalabuko amangobwera kudzasuzumira pawindo!"

"Tsitsani mawu, mayi a Leah. Khoma ili n'limodzi ndi la anzathu."

"Amve! Imve laini yonse!"

"Ikamva, mawa lomweli zifika kwa a Crispin. A Crispin ndi kapitawo wanu, ndi kapitawo wanganso. Mwezi uno tiyi akachepa, wolemba maina a anthu otsala pa ntchito ndani? Si iwowo? Dzina likasowa pamenepo, nyumba ino tituluka. Ana atatuwa tikalowera nawo kuti? Kwanu ku Khwethemule, pa kamunda kamene abale anu akukanganirana kaja?"

Teleza anayankha m'Chilomwe, mawu oti sitingawalembe pano, ndipo nkhuku imene inkatolatola pakhondepo inaona kuti kuli bwino ichoke.

Nkhani yake inali iyi. Bungwe lina linapereka ku sukulu ya pa esiteti ya tiyiyo mabokosi awiri a tinjerwa ta pulasitiki tolumikizana, tofiira, tachikasu, totuwa, pamodzi ndi timawilo ta mano, kamota ndi mabatire. Chaka chathunthu mabokosiwo anagona m'kabati ya ahedi. Ankatuluka pokhapokha kukabwera alendo: ana n'kuwagwira, n'kujambulidwa akumwetulira, mabokosi n'kubwerera m'kabati. Kutabwera mphunzitsi watsopano, Madamu Jean, anachonderera mpaka anapatsidwa kiyi, n'kuyambitsa kalabu ya Lachitatu ndi Lachisanu. Anyamata anapanga timagalimoto, anatithamangitsa, anatopa nato. Amene anatsala ndi Leah wa Sitandade 7, mwana woti ukamufunsa dzina amayankha akuyang'ana zala zakumapazi.

Leah sanafune za galimoto. Tsiku lililonse akamadutsa pa sikelo ankaona amayi ake akukakamira kukweza dengu lodzaza masamba kuti alikoleke pa ngowe, kenako n'kugwira msana. Ndiye anamanga kamakina kokweza dengu. Kadengu kake analuka ndi Peterson yemweyu, Lamlungu lina masana, akuimba mluzu. Tsopano a bungwe aja anali kubwera kudzaona zimene masukulu asanu a m'deralo apanga, ndipo anati mwana wopambana adzamulipirira sekondale mpaka Fomu 4. Ndiye musaone ngati anthu akuluakulu ankakanganira chidole ayi. Teleza ankadziwa bwino lomwe kuti pa malipiro a anthu awiri othyola tiyi, sukulu ya Leah idzathera pa Sitandade 8.

Nthawi yonseyi Leah anali kuseri kwa nyumba akutsuka mbale, koma mbalezo zinali zitasiya kulira kalekale.

Mawa lake atangoyezetsa masamba, Teleza analunjika ku sukulu osadzera n'kunyumba komwe. Ahedi anamulandira bwino kwabasi, mpaka kumukokera mpando ndi kuupukuta ndi mpango wawo. Teleza ataona ulemu wonsewo anadziwiratu kuti palibe chabwino chituluke muno.

"Mayi a Leah, mwachita bwino kubwera. Mwana wanu ali ndi manja abwino, zimenezo palibe akukana."

"Nanga pa khadi la pa tebulo mwalembapo dzina la yani?"

"Onani, mayi. Alendo akubwerawa ndi anthu a Chingerezi chokhachokha. Adzafunsa mafunso. Leah mukumudziwa nokha, akaona munthu wachilendo mawu amathawira m'mimba. Everson anaphunzirako pulaiveti ku Limbe, Chingerezi chimachita kutulukira m'mphuno. Ife tikufuna kuti sukulu ipambane."

"Ndiye aime onse awiri. Wina ayankhule, wina aonetse. Koma dzina likhale la mwini wake."

"Malamulo akuti dzina limodzi."

"Ndiye dzinalo ndi Leah."

Ahedi anavula magalasi, anawauzira mpweya, n'kuyamba kuwapukuta pang'onopang'ono.

"Tinjerwa timeneti n'ta sukulu, mayi. Mabatire ndi a sukulu. Chopangidwa ndi katundu wa sukulu n'cha sukulu, ndipo woimira sukulu timasankha ndife. Komanso musaiwale kuti a Crispin ndi wapampando wa komiti yathu. Denga la Sitandade 3 litasasuka ndi mphepo, anakagwada kwa mabwana ndani? Anthu oterewa sitiwakhumudwitsa. Koma Leah sitinamuiwale ayi. Tamupatsa udindo wake. Adzasambitsa alendo m'manja."

"Kusambitsa m'manja."

"Ndi ulemu waukulu umenewo. Si mwana aliyense amayandikira alendo."

Teleza anadzuka, anatuluka osatsanzika.

Panja anakumana ndi Madamu Jean, mtsikana wochepa thupi, choko chili mbuu m'manja. Anamugwira Teleza pamkono n'kumulowetsa m'kalasi mopanda ana.

"Ndinayesetsa, mayi. Ndinakana kawiri. Kachitatu ahedi anandikumbutsa kuti ine pano ndikungogwirizira, sindinalembedwe ntchito yokhazikika. Koma bwerani muone. Munayamba mwakaonapo kamakinako?"

Teleza anali asanakaonepo. Ankangomva Leah akufotokozera azing'ono ake. Madamu Jean anachotsa nsalu pa tebulo. Panali kansanja ka tinjerwa kotalika ngati mkono wa munthu, kamota pansi, timawilo ta mano titatu tolumana, ulusi wotsika kuchokera pamwamba, ndipo kumapeto kwa ulusiwo kangowe. Pa kangowepo panali kadengu ka Peterson kaja, muli masamba enieni a tiyi.

"Dinani apa."

Teleza anapukuta chala pa chitenje, n'kudina. Kamota kanalira, timawilo tinayamba kuzungulira, ndipo kadengu kananyamuka pang'onopang'ono, osagwedera, mpaka pamwamba penipeni n'kuima. Mayi wamkulu anangogwira pakamwa.

"Ayi ndithu! Mwana wanga yemwe uja?"

"Yekha, mayi. Ine ndinangomuonetsa mmene timawilo timalumirana. Anaphwasula kasanu. Poyamba kankakwera mothamanga n'kutaya masamba. Anati amayi anga sakweza choncho, n'kuyambiranso." Madamu Jean anabwezera nsalu ija. "Tsopano andiuza kuti sabata ino Leah amuphunzitse Everson."

"Amuphunzitsenso! Kumulanda, kenako n'kumuuza kuti anyamulire wolandayo mpaka kwawo? Koma anthu inu mulibe chisoni!"

Madamu Jean anali akuyang'ana kukhomo, kuopa kuti mwina wina wamva.

Patapita masiku awiri, Teleza ali pakati pa mzere wake, manja akuthamanga pamwamba pa tiyi, masamba awiri ndi nsonga, masamba awiri ndi nsonga, anamva ndodo ikugogoda dengu lake kumsana. Anali a Crispin. Kapitawo ameneyu sankakalipa ngati anzake. Ankaseka ndi aliyense, maliro aliwonse a m'laini ankafika woyamba, ndipo anthu ankamuopa kuposa onse okalipa aja.

"Mayi a Leah, mwaswera bwanji? Ndamva munakacheza ku sukulu."

"Ndinapita, bwana."

"N'zabwino zimenezo. Makolo tiziyendera ana athu." Anapisa dzanja m'dengu la Teleza, anafufuza mpaka anatulutsa tsamba limodzi lokhwima, n'kumaliyang'anitsitsa ngati kalata yochokera kutali. "Ili ndi lokalamba, mayi. Maso ayamba kuvuta? Chaka chino mabwana akuti m'gulu lathu, mwa anthu makumi anayi mutsale khumi ndi awiri okha. Ikundisowetsa mtendere nkhani imeneyi. Pena ndimafuna kusunga banja lonse, mwamuna ndi mkazi yemwe, chifukwa cha ana. Koma munthu umasunga anthu amene mumamvana, si choncho?"

"Ndi choncho, bwana."

Anamuika tsamba lija m'manja. "Mukapereke moni kwa Leah. Everson akuti ndi mphunzitsi wabwino."

A Crispin atapitirira, Teleza analifinya tsambalo mpaka madzi obiriwira anatuluka pakati pa zala. Chimene chinamupweteka koposa si tsambalo ayi, koma liwu lake lomwe lija loti "ndi choncho, bwana", mmene linatulukira lofewa, lokha, asanaliganize n'komwe. Tsiku lonse anathyola mokwiya, ndipo pa sikelo dengu lake linalemera kuposa la wina aliyense.

Lamlungu atabwera ku tchalitchi anapeza Leah atakhala pa mwala kuseri kwa nyumba, akudula kamphira kopyapyala pa chubu chakale cha njinga ya bambo ake.

"Ukudula chiyani pamenepo?"

"Lamba wa kamakina, amayi. Wa m'bokosi uja anaduka kalekale, ndiye ndimaika kamphira kuchokera pa mota kupita pa wilo lalikulu. Aka ndikudula kuti pakhale kosinthira."

"Ukuwakonzeranso anthu okuberawo?"

"Ndikukonzera kamakina."

Teleza anakhala pansi pafupi naye. "Everson uja wamuuza zonse?"

"Ndamuonetsa podina ndi poika mabatire. Amabwera kanthawi kochepa n'kuthamangira ku mpira. Akuloweza za pa pepala zimene ahedi amulembera. Iyenso akuti sakufuna, akuti bambo ake ndi amene akukakamira." Leah anakoka kamphirako kuti aone kulimba kwake. "Za phulusa sanandifunse."

"Phulusa lanji?"

"Kunja kukachita chinyezi kamphira kamaterera. Kamota kamangolira, wilo osayenda. Ndiye ndimapakapo phulusa louma pang'ono, basi kamagwira. Ndinaonera inu, mmene mumachitira mukamakonza nsomba yoterera ija."

Teleza anaseka, koyamba sabata yonseyo. Nzeru za kukhitchini kwake zalowa m'makina a azungu! Koma kusekako sikunapite patali, chifukwa Peterson anatulukira pangodya ya nyumba, jekete la ku tchalitchi asanavule, Baibulo lili m'khwapa. Anali atamva za tsamba lokalamba lija kwa anzake a m'gulu.

"Leah mwana wanga, tamvera. Lachisanu pa chionetsero paja, wina aliyense akakufunsa za kamakinako, kaya ndi mlendo kaya ndani, udzati sindikudziwa. Wamva? Udzagwire jagi yako, usambitse anthu, ubwere kunyumba."

"Taonani!" Teleza anadzambatuka. "Kuphunzitsa mwana bodza pa Lamlungu, Baibulo lili m'khwapa!"

"Ndikumuphunzitsa kuti agone m'nyumba yofolera."

"Mantha basi! Mwamuna wamkulu ndevu pepeya, kunjenjemera ndi Crispin! Kadengu kaja simunaluke ndinu? Simunkaimba mluzu pakhonde apa, kumati mwana wanga adzakhala injiniya? Lero injiniya wanuyo mwamusandutsa wonyamula beseni?"

"Mukuganiza kuti sizikundiwawa?" Peterson anakweza mawu, zimene sankachita kawirikawiri. "Mukuganiza kuti muno mulibe mtima? Crispin ndinkasewera naye mpira wachikulunga pa bwalo lomwelija. Zaka khumi ndi zinayi tsopano ndikumuvulira chipewa. Chaka chatha munaona nokha a kwa Benard akutulutsa katundu, mphasa pamutu, ana akulira, chifukwa choti anayankha kamodzi kokha pa sikelo. Ali kuti lero? Akugulitsa nthochi za eni ake m'mbali mwa msewu ku Masambanjati. Inu mukufuna zimenezo?"

"Ndikufuna mwana wanga apite ku sekondale!"

"Inenso ndikufuna! Koma adzapita akuchokera m'nyumba iti?"

"Mudzafera momwemo m'mizere ya tiyi, ndipo Leah adzalowa mzere wanu womwewo, dengu lanu lomwelo. Ndi zimene mukumusungira."

Peterson anakhala pa mwala wina n'kuika Baibulo pa bondo.

Teleza anagwada pamaso pa mwana wake n'kumugwira mapewa onse awiri.

"Leah, bambo akowa asiye. Tsiku limenelo ine ndidzaima kutsogolo kwenikweni. Pamaso pa alendo, pa ahedi, pa a Crispin omwewo, ndidzanena ndi pakamwa pangapa kuti anapanga ndi mwana wanga. Iwe usadzaope kanthu. Udzangoyang'ana ine. Ndikadzangoyamba kuyankhula, iwe udzapite pa tebulo paja ukawaonetse. Wamva? Udzayang'ane ine."

Leah anayang'ana bambo ake, anayang'ana amayi ake, n'kugwedeza mutu kamodzi, moti aliyense wa awiriwo anaganiza kuti wavomera zake.

Sabata yonseyo kunawala dzuwa. Koma Lachisanu kunacha ndi chiperoni, chija chimabisa phiri ndi fakitale yomwe, kamvula kosaoneka koma konyowetsa mpaka m'mafupa. Mabwana analola anthu kuweruka msanga kuti akadzaze bwalo la sukulu, alendo asaone ngati makolo a pa esiteti sakonda maphunziro. Matebulo asanu anawandandalika pakhonde la sukulu. Teleza anakankhana ndi anthu mpaka anakaima kutsogolo kwenikweni monga ananenera, atavala chitenje chake chatsopano. Peterson anaima pambali pake, chipewa chili m'manja.

Alendo anafika atatu, abambo awiri ndi mayi mmodzi wonyamula kope. Leah anawasambitsa m'manja atagwada, jagi kudzanja lamanja, beseni pansi, ndipo palibe anamuyang'ana kumaso. Kwaya inaimba, ahedi anayankhula mpaka anthu anayamba kusinthanitsa miyendo, kenako alendo anayamba kuyendera matebulo. Panali galimoto yokhota yokha, panali chigayo, panali geti lotseguka ukadina. Tebulo lachinayi linali la kamakina ka Leah, ndipo pa khadi panalembedwa ndi inki yofiira dzina la Everson.

Mnyamatayo anayankhula bwino, tisamunamizire. Teleza Chingerezi amangotola apa ndi apo, koma anamva ndithu kuti akuti anamvera chisoni amayi othyola tiyi amene amapweteka msana pa sikelo. Msana wake womwewu, lero walowa m'kamwa mwa mwana wa kapitawo! Alendo anagwedeza mitu. A Crispin, amene anakhala pa mipando ya komiti, anayambitsa kuwomba m'manja.

Everson anadina kabatani.

Kamota kanalira. Kadengu kanagwedera pang'ono, n'kukhala pomwepo. Anadinanso. Kamota kanalira mokweza ngati udzudzu wa m'khutu, kamphira kakungoterera pa wilo lonyowa, kadengu osasuntha. Ahedi anathamangira ku ofesi n'kubwera ndi mabatire atsopano. Anasintha. Chimodzimodzi. Everson anayesa kukankha wilo ndi chala, kanjerwa kamodzi n'kugwa pansi. Ana a masukulu ena anayamba kuseka. Ahedi thukuta linali kamukamu, kunja kukuzizira chonchija.

Pamenepo mayi wa kope uja anayankhula, ndipo anayankhula Chichewa chomveka bwino ngati cha munthu wa pamsika wa pa boma.

"Musamupanikize mwanayu. Kodi palibe wina amene anathandizako popanga? Mwina angatiuze chimene chavuta."

Chichewa! Anthu a Chingerezi chokhachokha aja! Teleza anamuponyera diso mwamuna wake, koma Peterson maso anali pa nsapato.

Ahedi anayang'ana uku ndi uku. "Iwe! Mtsikana wa jagi iwe, tabwera. Ameneyu amasesa m'chipinda cha kalabu, madamu, mwina anaonako mmene anzake amachitira."

Leah anaika jagi pansi, anabwera n'kuima pafupi ndi tebulo. Mayi uja anawerama kuti alingane naye.

"Dzina lako ndani, mwanawe?"

"Leah."

"Leah, ukudziwa chimene chavuta pamenepa? Usaope. Ngati ukudziwa, tionetse."

Leah sanayang'ane kamakina, sanayang'anenso mlendoyo. Anatembenuka n'kuyang'ana amayi ake. Dzanja lake lamanja linali m'thumba la yunifolomu.

Bwalo lonse linali zii. Teleza anakoka mpweya. Mawu anali okonzeka, anawayeserera sabata yathunthu m'mizere ya tiyi, pa mpopi, ngakhale m'tchalitchi. Phazi lake linasuntha. Nthawi yomweyo a Crispin anatembenuka pa mpando wawo. Sanakwinye nkhope, sanaloze chala. Anangotulutsa m'thumba la malaya kabuku kawo kakuda ka maina, n'kukaika pa bondo, n'kumuyang'ana Teleza mwaulemu ngati akumupatsa moni.

Teleza anaona chitseko cha nyumba yake chili ndi loko wa eni ake. Anaona mphasa pamutu, tiana tiwiri tija tikulira m'mbuyo, msewu wa ku Khwethemule ndi nkhope za alongo ake. Anamva ngati chitenje chamasuka, ndipo anawerama n'kuyamba kuchimanga. Anachimanga, anachimasula, anachimanganso bwinobwino.

"Sindikudziwa, madamu," anatero Leah.

Mayi uja anadikira pang'ono. Anayang'ana mwanayo, anayang'ana kadengu kolukidwa bwino kaja, analemba kenakake m'kope mwake n'kupita pa tebulo lachisanu. Anapambana ndi mtsikana wa sukulu ina ya cha ku Masambanjati, wa geti lotseguka uja. Amayi ake analuluta mpaka kugubuduka m'matope.

Pobwerera kunyumba Teleza anatukwana njira yonse. Anatukwana ahedi, anatukwana chiperoni, anatukwana a bungwe obwera ndi zidole zawo kudzadanitsa anthu osauka.

"Mwakondwa tsopano, bambo a Leah? Mwana wanena zimene munamuphunzitsa. Ine ndinali nditangotsala pang'ono kuyankhula, pang'ono pokha! Koma mwanayo anafulumira kuyankha chifukwa cha mantha amene munamuthira inu."

Leah ankayenda patsogolo pawo, atanyamula jagi ya sukulu imene anaiwala kubweza. Pofika kunyumba Teleza anali atanena mawu amenewa kambirimbiri, moti iye mwini anayamba kuwakhulupirira.

Mawa lake, Loweruka, mndandanda wa otsala pa ntchito unamatidwa pa shedi ya sikelo. A Crispin mkwiyo wawo wonse unagwera Madamu Jean, akuti anapatsa mwana wawo makina owonongeka, ndipo ahedi anali atalanda kale kiyi n'kubwezera mabokosi m'kabati. Koma pa mndandandawo maina analipo onse awiri, la Peterson pa nambala 4, la Teleza pa nambala 5. Akazi anzake anamugwira chanza, ena mwansanje. Nyumba yatsala. Teleza anadikira kuti mtima usangalale, koma sunasangalale.

Masana anatenga zovala kupita nazo pa mpopi wa m'laini, Leah akumuthandiza kutunga madzi. Monga mwa chizolowezi chake, asanaviike yunifolomu anapisa m'thumba kuti aone ngati muli cholembera. Anatulutsa kapepala ka m'kope kopindidwa bwinobwino kanayi, komangidwa ndi kamphira katsopano kaja. Atamasula anapeza phulusa louma, losefedwa, lopanda ndi khala limodzi lomwe.

"Leah! Ichi n'chiyani?"

Leah anatula ndowa. "Phulusa."

"Ndikuona kuti ndi phulusa! Unali nalo dzulo? Nthawi yonse ija linali m'thumba?"

"Nditadzuka ndinaona chiperoni. Ndiye ndinatapa pa mafuwa musanakoleze moto."

Teleza anaimirira, thovu la sopo likuyenderera m'mikono. Ukali wonse wa masabata awiri unabwera nthawi imodzi, ndipo unagwera pa mwana.

"Nanga bwanji sunapake, mwana iwe? Kanthu kakang'onong'ono! Kungotsina n'kupaka basi! Mayi uja anakufunsa m'Chichewa, anakutchula dzina lako, anachita kukuweramira! Sekondale inali m'thumba mwakomu, iwe n'kuima ngati chitsa! Bwanji? Ndiyankhe! Bwanji?"

Akazi ena pa mpopipo anasiya kuchapa. Peterson, amene ankabwera ndi dengu lake kuchokera ku shedi, anaima panjira. Leah sanalire. Anatola yunifolomu ija pansi, anaiviika yekha m'beseni, n'kuyamba kuifikisa pa kolala. Kenako anadzutsa mutu, ndipo ulendo uno sanayang'ane zala zakumapazi.

"Munati ndidzayang'ane inu."

Teleza anangoima pomwepo, kapepala kali m'manja, phulusa likuthothokera m'madzi a sopo.

"Ndinakuyang'anani, amayi. Inu munkamanga chitenje."